Dzanja Likafika Pakhosi, Mlandu Usathere Pamkeka

Pali nkhanza ina imene mabanja athu ndi mabwalo athu a milandu agwirizana, mosapangana, kuti aziichepetsa. Ndi nkhanza ya munthu amene amagwira mnzake pakhosi ndi kumukanyanga mpaka mpweya kubanika. Kunyumba amati anangomugwira. Pa chikalata cha kuchipatala pamalembedwa kuti bala silikuoneka. Kupolisi nkhaniyo imasanduka ndewu wamba, ndipo kukhoti imatha ndi kupepesana. Aliyense pa njira imeneyi amachita zimene akuziona ngati zanzeru, koma mapeto ake mayi amene adatsala pang'ono kufa amabwerera kukagona chipinda chimodzi ndi munthu amene adamutsekera mpweya. Ndikulemba kuchokera kuno ku Nkolokosa, mu mzinda wa Blantyre, kwa inu makolo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amene ana anu aakazi adakwatiwa m'makomboni a kuno, chifukwa mawu anu a patelefoni ndi amene nthawi zambiri amagamula ngati mlandu wotere upitirire kapena ufe.

Tiyambe ndi thupi la munthu, pakuti kusadziwa za thupi ndiko gwero la kulakwa konseku. M'khosi mumadutsa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, ina yobweza magaziwo kumtima, ndiponso njira ya mpweya. Mitsempha ya magaziyo ikapanikizidwa mwamphamvu, munthu akhoza kukomoka m'masekondi 10 kapena kucheperapo, ndipo dzanja likapanda kuchoka amafa m'mphindi zochepa. Mphamvu yofunika kuti izi zichitike si yambiri. Chikwanje chimasiya bala, chibakera chimasiya chotupa, koma zala zikhoza kufikitsa munthu pakhomo pa manda osasiya chizindikiro chimene diso la mlendo lingaone. Zizindikiro zake ndi zobisika: mawu kusasa, kumva kuwawa pomeza, timadontho tofiira m'maso, chizungulire, kudzikodzera, ndi kuiwala zina mwa zimene zidachitika. Ngozi siithera tsiku lomwelo. Khosi likhoza kutupa mkati patapita maola, ndipo mtsempha wovulala ukhoza kubweretsa sitiroko patapita masiku kapena masabata. Kwa mayi woyembekezera, pali moyo wachiwiri umene uli pachiswe.

Izi sizongoganizira. Mu mzinda wa San Diego ku America, akatswiri adasanthula milandu 300 ya kukanyanga pakhosi, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2001. Theka la anthu ochitiridwa nkhanzayo lidalibe chizindikiro chooneka ndi maso, ndipo milandu 15 yokha pa 100 iliyonse ndiyo idali ndi chithunzi cha bala choti n'kugwira ntchito ngati umboni. Mu 2008, kafukufuku wotsogoleredwa ndi Nancy Glass adapeza kuti mayi amene adakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake ali pachiopsezo chodzaphedwa choposa ka 7 poyerekeza ndi mayi wozunzidwa amene izi sizidamuchitikire. Tanthauzo lake n'losavuta kumva. Mwa nkhanza zonse za m'banja, iyi ndi imodzi mwa zimene zimachenjeza momveka kuti maliro akubwera. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chimaimba, ndipo ndife amene timatseka makutu.

Kwathu kuno nkhanza za m'banja si zachilendo. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse amene adakhalapo pabanja adachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya ya kumenyedwa, ya kugonedwa mokakamiza kapena ya kuzunzidwa m'maganizo. Tili ndi malamulo olimbana ndi zimenezi. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza moyo, gawo 24 limateteza amayi ku nkhanza, ndipo mu 2006 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Komabe m'buku la milandu ya upandu, Penal Code, limene lidayamba kugwira ntchito mu 1930, mulibe mlandu woima pawokha wa kukanyanga munthu pakhosi m'nyumba. Wozenga mlandu amayenera kusankha dzina pakati pa milandu imene ilipo kale, ndipo dzina limene wasankha ndilo limanena kumene nkhaniyo ikathere.

Taonani makwerero ake. Pansi penipeni pali gawo 253, la kumenya wamba, limene chilango chake chachikulu ndi chaka 1. Pamwamba pake pali gawo 254, la kumenya kovulaza thupi, la zaka 5. Kenaka gawo 238, la kuvulaza koopsa, la zaka 14. Pamwamba pa onsewa pali gawo 235, la kuchita chinthu ndi cholinga chovulaza koopsa, ndi gawo 223, la kufuna kupha, amene chilango chawo chimafika pa kukhala m'ndende moyo wonse. Munthu mmodzi, dzanja limodzi ndi khosi limodzi zikhoza kugwera pa khwerero lililonse mwa amenewa. Chimene chimasiyanitsa ndi umboni, ndipo umboni woyamba umene wapolisi amayang'ana ndi chikalata cha kuchipatala. Chikalata chikanena kuti bala palibe, mlandu umatsetserekera pansi.

Pali chodabwitsa china m'buku lomweli. Gawo 233 limatchula kukanyanga ndi kubanikitsa munthu, ndipo chilango chake ndi moyo wonse m'ndende. Koma gawoli limagwira munthu amene wachita izi pofuna kuchita mlandu wina, monga mbava imene yakugwira pakhosi usiku kuti ikulande foni. Motero lamulo lathu limalidziwa bwino khosi pamene pali katundu wobedwa. Mwamuna akachita chomwecho kwa mkazi wake kuti amuonetse amene ali ndi mphamvu m'nyumbamo, gawoli limavuta kuligwiritsa ntchito, ndipo nkhani ikhoza kugwera pa mlandu wa chaka 1. Kodi khosi la mayi limatsika mtengo chifukwa choti dzanja lolikanyanga ndi la munthu amene adamanga naye nikah?

Tsopano titsatire njira imene mayi wa ku Nkolokosa, Zingwangwa kapena Bangwe amayenda. Amakafotokoza kupolisi, kumene kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit. Amapatsidwa kalata yopita nayo kuchipatala, kaya kuchipatala chaching'ono cha m'dera lake kapena ku Queen Elizabeth Central Hospital. Woganiziridwayo akamangidwa, lamulo limafuna kuti aonekere pamaso pa khoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo. Milandu yotere imazengedwa m'mabwalo a majisitireti, monga a ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo woimira boma nthawi zambiri amakhala wapolisi. Bwalo lalikulu la ku Chichiri limailandira nkhaniyi mwachindunji pamene yasanduka mlandu wa kupha munthu. Pamenepo mboni yeniyeni imakhala ili kale m'nsalu yoyera.

Pakati pa tsiku lomangidwa ndi tsiku lozenga mlandu ndi pamene nkhani zambiri zimafera. Malamulo a kazengedwe ka milandu amalola khoti kulimbikitsa chiyanjano pa mlandu wa kumenya wamba ndi milandu ina yaing'ono ya pakati pa anthu awiri, malinga ngati si yoopsa. Khomo limeneli lidatsegulidwa ndi cholinga chabwino. Anansi awiri amene akankhana pa mjigo safunika kudzaza ndende. Koma kukanyanga pakhosi kukalembedwa ndi dzina la kumenya wamba, kumalowera pakhomo lomwelo. Mayi amaimirira n'kunena kuti wakhululuka, ankhoswa ali pabenchi kumbuyo kwake, ndipo fayilo imatsekedwa. Ngakhale pamene mlandu uli waukulu woti sungathetsedwe mwa chiyanjano, mboni ikasiya kubwera woimira boma amatsala manja ali m'khosi, chifukwa khoti limafuna umboni wosasiya chikaiko.

Apa ndi pamene ndikufuna kulankhula nanu mosabisa mawu, abale ndi alongo anga. Mayi amene wakathetsa mlandu nthawi zambiri sadaganize yekha. Amakhala atalandira mafoni ochokera kumudzi. Amayi ake amamuuza kuti banja ndi kupirira. Amalume ake amamufunsa kuti akabwerera kumudzi ndi ana anayi adzadya chiyani. Apongozi amalira kuti wachititsa manyazi mtundu wawo pomangitsa mwana wawo. Ena amabweretsa chipembedzo, amati Msilamu satengera mnzake ku khoti la boma. Mayi uja amakhala yekha pakati pa mawu onsewa, khosi likumupwetekabe pomeza, ndipo amachita chimene wamkulu aliyense wamuuza.

Kumbukirani mmene ukwati udali kukhalira kwathu kunyanja. M'midzi yambiri ya Ayao ndi Achewa mwamuna ndiye amapita kuchikamwini. Mkazi amakhala pakati pa abale ake, alongo ake ali pafupi, mwinimbumba ali kuseri kwa nkhokwe. Mkamwini wokweza dzanja ankadziwa kuti akhoza kulongedzedwa katundu usiku womwewo. Mwana wanu wa ku Ndirande kapena ku Machinjiri alibe mpanda umenewo. Akukhala m'nyumba ya lendi imene amalipira ndi mwamuna, pakati pa anthu amene sakumudziwa, ndipo mlongo wake ali ku Makanjira kapena ku Johannesburg. Mwambo wa ankhoswa tidabwera nawo m'tauni, koma chitetezo chimene chinkaupatsa mano chidatsala kumudzi. Mu mzinda, chimene chingaime m'malo mwa mlongo wake ndi polisi ndi khoti. Mukamuletsa kupita kumeneko, mwamulanda mpanda womaliza.

Kwa amene amabisala kumbuyo kwa chipembedzo ndinena izi. N'zoona kuti Qur'an, mu Surah An-Nisa, imalangiza kuti banja likagwedezeka pasankhidwe mkhalapakati wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi, ndipo imayamikira chiyanjano. Koma malangizo amenewo ndi a anthu awiri amene asemphana maganizo. Sadaikidwe kuti akhale chophimba cha munthu amene waika moyo wa mnzake pangozi. Ophunzira a malamulo a Chisilamu amagwirizana kuti kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zikuluzikulu za Shariah, ndiponso kuti chinthu chovulaza chiyenera kuchotsedwa. Amaphunzitsanso kuti njira yothandizira m'bale wopondereza ena ndiyo kumuletsa kupondereza. Sheikh kapena nkhoswe imene yabweza mayi wokanyangidwa pakhosi kwa mwamuna wake popanda chitetezo chilichonse sidathandize mayiyo, ndipo sidathandizenso mwamunayo, amene tsopano waphunzira kuti akhoza kufika pamenepo n'kudzuka mmawa zonse zili bwinobwino. Kukhululuka ndi ufulu wa wolakwiridwa, ndipo kuli ndi malipiro ake kwa Allah. Kukhululuka kochita kumufinya nako munthu wamantha kulibe dzina lina koma kupondereza kwachiwiri.

Sindikunyoza mafunso amene otsutsa amafunsa, chifukwa ena ndi olemera. Loyamba ndi la chakudya. Bambo akapita ku Chichiri, lendi alipira ndani, ana adya chiyani? Funso ili ndi loona, ndipo ndi limene limagonjetsa amayi ambiri kuposa chikondi. Koma yankho lake lili m'manja mwathu. Ndalama zimene mtundu umasonkha pa maliro, za thiransipoti yonyamulira thupi kuchoka ku Blantyre kupita ku Mangochi, za nsalu ndi za chakudya cha anamalira, zikhoza kusunga mayi wamoyo ndi ana ake kwa miyezi. Makomiti a m'mizikiti amene amagawa zakaat ndi sadaka ayenera kuwerengera mayi wotere pakati pa osowa. Komanso si mlandu uliwonse umene umathera kundende. Lamulo la 2006 lija limapatsa khoti mphamvu yopereka chiletso choteteza wozunzidwa, yolamula kuti wozunzayo atuluke m'nyumba mayi ndi ana n'kutsala, ndi yolamula thandizo la ndalama. Mabanja ambiri sadziwa kuti njira imeneyi ilipo, ndipo amaganiza kuti pali ziwiri zokha, ndende kapena kukhala chete.

Funso lachiwiri ndi la bodza. Ngati bala silioneka, kodi mkazi wokwiya sangamunamizire mwamuna wake? Akhoza kutero, monga mmene munthu angamunamizire mnzake kuba. N'chifukwa chake kuli khoti. Sindikupempha kuti munthu amangidwe popanda umboni. Ndikupempha kuti umboni ufunidwe pamalo pamene uli. Umboni wa kukanyanga uli m'mawu osasa amene mnansi adawamva mmawa mwake, m'maso ofiira, m'zovala zonyowa, m'zikhadabo zimene mayiyo adadzikanda nazo pofuna kuchotsa dzanja pakhosi pake, ndi m'zikande zimene adasiya pa mikono ya womukanyangayo. Wofufuza wosaphunzitsidwa akaona zikande pa mwamuna amati awiriwa amamenyana. Akamva mayi akusokoneza ndondomeko ya nkhani amati akunama, osadziwa kuti ubongo wosowa magazi susunga bwino zochitika. Kufufuza kwabwino kumateteza wosalakwa monga mmene kumagwirira wolakwa.

Funso lachitatu ndi la ndende zathu zodzaza, zimene ngakhale bwalo lalikulu lidanena mu 2009, pa mlandu wa Masangano, kuti kuthithikana kwake n'kophwanya ufulu wa akaidi. Vuto limenelo ndi lenileni. Koma malo m'ndende akachepa, oyamba kutuluka akhale oba nkhuku ndi olephera kulipira chindapusa. Sitingachepetse akaidi pobweza kunyumba munthu amene akatswiri akutiuza kuti ndiye woopsa kwambiri.

Maiko ena adaliona vutoli ndipo adasintha malamulo. Ku New Zealand kukanyanga pakhosi kudakhala mlandu woima pawokha mu 2018, ndi chilango chofika zaka 7. Ku England ndi Wales lamulo lotere lidakhazikitsidwa mu 2021 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu June 2022, ndi chilango chofika zaka 5. Phindu lalikulu la malamulo amenewa si kuchuluka kwa zaka. Ndi loti mchitidwewo wapatsidwa dzina lakelake, kotero wapolisi amaufunsa, dokotala amaulemba, ndipo boma limatha kuwerenga milandu yake. Aphungu athu, makamaka a m'maboma a m'mbali mwa nyanja amene inu mumawavotera, ayenera kufunsidwa chifukwa chimene Penal Code yathu, imene idakonzedwa kwambiri mu 2011, ilibe gawo lotere mpaka lero.

Komabe sitiyenera kudikira Lilongwe tisanachitepo kanthu, pakuti malamulo amene alipo akhoza kugwira ntchito yoposa imene akugwira. Penal Code ikamamasulira kuvulaza koopsa imaphatikizamo kuvulaza koika moyo pangozi. Munthu amene wakomoka chifukwa magazi aleka kufika ku ubongo, moyo wake udali pangozi ngakhale khungu lake lili losalala. Woimira boma amene wabweretsa wachipatala kudzafotokoza zimenezi ali ndi poimira kuti apemphe gawo 238 m'malo mwa 253. Majisitireti nayenso sakakamizidwa kuvomera chiyanjano. Lamulo limamupatsa mphamvu yosankha, ndipo mlandu wa upandu ndi wa boma, si wa ankhoswa. Asanatseke fayilo afunse ngati dzanja lidafika pakhosi, ngati mayiyo adakomoka, ngati ndi koyamba, ndiponso amene wamuperekeza kukhoti tsikulo. Mafunso anayi amenewa sadya ndalama ya boma ngakhale tambala.

Kwa inu amayi ndi atsikana, mawu anga ndi achindunji. Zikakuchitikirani, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mukumva ngati muli bwino. Tchulani chimene chachitika ndi dzina lake. Musanene kuti tinakangana, nenani kuti anandikanyanga pakhosi. Fotokozani ngati mudaona mdima, ngati mudadzikodzera, ngati mawu asintha, ndipo pemphani kuti zilembedwe. Hijab yathu imaphimba khosi, ndipo wachipatala wotanganidwa sangaone chimene chili pansi pake. Pemphani namwino wamkazi ngati alipo, ndipo muonetseni. Chipembedzo chimalola kuvula pofuna chithandizo cha mankhwala. Jambulitsani khosi ndi maso tsiku loyamba ndi masiku otsatira, pakuti mikwingwirima ina imatuluka mochedwa, ndipo zithunzizo zisungidwe pa foni ya munthu wina. Amene alibe ndalama za loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau kapena ku mabungwe othandiza amayi pa za malamulo monga WOLREC, kuno ku Blantyre.

Kwa inu ankhoswa, masheikh ndi akuluakulu a m'mizikiti, ikani malire pa ntchito yanu. Nkhani ya ndalama za ndiwo, ya apongozi, ya mitala ndi ya kuchedwa kufika pakhomo ndi yanu, ndipo mumaidziwa kuposa majisitireti aliyense. Koma pa nkhani iliyonse ya kumenyana imene yabwera pamkeka panu, mufunseni mayiyo payekha, mwamuna wake palibe, ngati adagwidwapo pakhosi. Akavomera, pindani mkeka. Muperekezeni kuchipatala ndi kupolisi, mupezereni pogona, ndipo za kubwererana zidikire kufikira khoti litalankhula ndi chitetezo chake chitatsimikizika. Munthu amene wakhala pakati pa awiri ali ndi udindo pa zotsatira za uphungu wake, pano padziko ndi pa Tsiku la Chiweruzo.

Ndipo inu bambo ndi mayi a ku Malindi, Chipoka kapena Monkey Bay, foni ikalira usiku ndipo mwana wanu akulankhula ndi mawu osasa amene simukuwazindikira, musayambe ndi kumufunsa chimene walakwa. Mufunseni ngati akupuma bwino, muuzeni atuluke m'nyumbamo, ndipo mmawa mwake mmodzi wa inu akwere basi. Akaganiza zopitiriza mlandu, khalani kumbuyo kwake pa benchi ya khoti monga mmene mukadakhalira pa maliro ake. Manyazi a kukhoti amatha pakapita mwezi. Makolo athu adati mlandu suola, ndipo umene tauthetsa mwamantha lero udzatipezanso ku bwalo lalikulu, utasintha dzina, tsiku limene mwana wathu sadzakhalapo kuti adzifotokozere yekha.